Sipanala ya a Makwinja ndi moto wanga wa mbewa

Munamvapo chigayo chitameza mwala? Chimayamba ndi kuphulika kamodzi, phuu, kenaka zitsulo zimakhosomola, gudu-gudu-gudu, mpaka wachigayo athamange kukazimitsa. Phokoso limenelo ine ndinalimva kumwamba, pamwamba penipeni pa mutu wanga, ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, khasu lili m'manja, kumunda kumene tinkalima ndi agogo anga ku Chileka. Chimene chinkakhosomolacho chinali ndege.

Papita zaka zambiri. Koma mpaka pano ndikamadutsa pachigayo, lamba n'kudumpha, ndimadzutsa mutu kuyang'ana kumwamba.

Sabata ino ndalimvanso phokosolo. Panalibe ndege, panalibe chigayo. Ndinalimva m'mutu mwangamu, ku Lirangwe, pansi pa mtengo wa mango.

Lachiwiri ndinapita kukazonda mlamu wanga amene akudwala kwa Chigaru. Nditatsika minibasi pa Lirangwe ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Tisanapite patali, tcheni chinayamba kulira.

"Bigi, tidutse kaye kwa a Sipanala atikungire tcheni," anatero wakabazayo. "Mphindi ziwiri basi."

Dzinalo ndinkalidziwa. Ndinadziuza kuti a Sipanala angakhale ambiri m'dziko muno.

Koma anali omwewo. A Makwinja, amene kale anali makaniko wa ndege ku Chileka, nyumba yawo itayang'anizana ndi ya agogo anga. Tsopano ndi nkhalamba ya ovololo yofwifwa ndi magalasi omanga ndi ulusi, ndipo amakonza njinga m'mbali mwa msewu. Patsogolo pawo anayala chiguduli. Pachigudulipo anajambula ndi penti yoyera chithunzi cha chitsulo chilichonse, masipanala, pulayala, nyundo, ndipo chitsulo chilichonse chinagona pachithunzi chake ngati mwana pamphasa yake.

"Madala, bho? Kungani tcheni ichi," anatero wakabaza uja. "Koma mukamaliza muwerenge zitsulo zanu. Ine ndilibe parachuti, ndisachoke pano ndi sipanala m'injini ngati ndege ija."

Anzake amene anakhala panjinga zawo podikira makasitomala anaseka. Mayi wogulitsa zitumbuwa anaseka. Mmodzi mwa akabazawo anatulutsa foni.

"Paja akulembanitu m'nyuzi madala! Tamverani." Anakonza kukhosi ngati wowerenga nkhani pawailesi. "'Ndege siigwa yokha. Kumbuyo kwa injini iliyonse yozima kuli munthu wina amene anagwira ntchito yake mwaulesi.' Mwamva? Angosiya dzina lanu lokha!"

Mawu amenewo ndi anga. Ndinawalemba pa tsamba lomwe lino mwezi watha. Anyamatawo sanandizindikire, poti chithunzi chimene mumachiona pamwambapa n'chakale, ndidakali ndi tsitsi.

Ndipo ine ndinatani? Ndinaseka nawo. Osati kwambiri. Kaseko kotulukira m'mphuno, ka munthu amene sakufuna kuti anzake amuone wosiyana.

A Makwinja anagwada pambali pa njingayo. Anakunga tcheni, anazunguza teyala kawiri, anapukuta sipanala ndi kansanza n'kuibwezera pachithunzi chake. Kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwakulatu, a Yotamu," anatero. "Za agogo anu tinamva. Pepani, sitinathe kufika."

Ndinayankha chinachake chosamveka, n'kukwera njinga. Ulendo wonse wa kwa Chigaru chigayo chija chinkakhosomola m'mutu mwanga.

Kodi inu munasekapo nthabwala imene mukudziwa bwinobwino kuti ndi bodza, bodza limene likubisa inuyo?

Ndikuuzeni mmene zinakhalira.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndisanayambe sukulu. Anandilera ndi agogo, a Nachisale, mayi wa fodya wa m'mphuno ndi mawu ochepa. Lamulo lawo linali limodzi: mwana wamasiye asamveke mawu pabwalo la eni. Ndinaphunzira msanga kuona zonse osanena kanthu. Ndinkadziwa amene akuba nkhuku za yani, amene amalowa nyumba ya yani mwamuna akapita kuntchito. Anthu ankandiyamikira. "Mwana wofatsa uyu," ankatero.

Munda umene tinkalima sunali wathu. Tinabwereka kwa bambo wina wa m'mudzimo, ndipo unali malo amene ndege zimadutsa zikangonyamuka, pansi kwambiri moti unkatha kuwerenga mateyala. Chaka ndi chaka a ku bwalo la ndege ankabwera kudzatichenjeza pamsonkhano kuti tisamatenthe tchire mbali imeneyo. Tinkaomba m'manja, iwo n'kumapita, ife n'kumatentha. Koma mwini munda wathu ankagwira ntchito yaulonda kubwaloko ndipo ankaopa kuchotsedwa. Anawauza agogo ine ndikumva: "Mayi, kamwana kanu kakadzangoyatsa moto kumeneko, mudzakalime kumanda kwa ana anu."

Tsiku limenelo kunali kotentha, mwezi wa Seputembala, ndipo tinali titadya masamba a nyemba ouma masiku anayi otsatizana. Ndinkafuna mbewa. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti mauna saoneka udzu ukadalipo. Ndinatenga machesi pamwamba pa chitseko, ndinatenga khasu, n'kupita. Amayi awiri ochokera kumjigo anandiona ndikudutsa.

Ndinayatsa kumalire a munda, ndikuganiza kuti nditentha kachigawo kochepa. Mphepo inali ndi maganizo ena. Inautenga motowo n'kuuponya m'thengo, kenaka m'mapesi a minda itatu yoyandikana nafe.

Mukudziwanso chimene chimabwera moto ukayaka. Ziwala, abuluzi ndi mbewa zimathawa, ndipo akabawi, mbalame zija zowakha anapiye, amauona utsi ali kutali. Amabwera ngati aitanidwa ku ukwati. Tsiku limenelo anadza ambiri kuposa amene ndinawaonapo, akuzungulira pamwamba pa utsi, ena akutsika kudzawakha ziwala. Ine pansi ndinali kalikiliki kukumba.

Ndege ndinaimva ikubwera, monga ndinkazimvera tsiku lililonse. Inali yonyamula katundu, ya injini ziwiri. Ndinadzutsa mutu ndipo ndinaiona ikulowa pakati pa mbalame zija.

Phuu. Gudu-gudu-gudu.

Inapendama. Injini ya kumanzere inalavula moto, kenaka utsi wakuda. Ndinaganiza kuti igwera pa nyumba za kutsidya, kumene kunali sukulu ya mkaka. Ndinakodzedwa, sindikubisani. Koma inadziwongola, inazungulira patali ikulira ndi injini imodzi, n'kubwerera kukatera. Ndinamva masailini a galimoto zozimitsa moto. Sipanafe munthu.

Pamene ndinaima panagwa nthenga, pang'onopang'ono, ngati phulusa. Chapafupi panagwa phiko lathunthu la kabawi. Ndinalitola, ndinalilowetsa muuna wa mbewa, n'kukwirira ndi khasu.

Kunyumba ndinafika ndi mbewa zisanu ndi ziwiri. Agogo anayang'ana mbewazo, anayang'ana nsidze zanga zowauka, anayang'ana pamwamba pa chitseko.

"Kasambe," anatero. "Ndipo pakamwa pakopo ntchito yake n'kudya basi."

Poti moto unadutsa minda yambiri, palibe anadziwa pamene unayambira. Ndipo palibe anafunsa, chifukwa mudzi unali utapeza kale nkhani yokoma kuposa imeneyo. M'mawa wa tsikulo anthu ena anawaona a Makwinja ali pamakwerero, mutu uli m'injini ya ndege yomweyo. Pofika Lamulungu, pabwalo la tchalitchi, nkhaniyo inali itamera sipanala. Akuti anaiwalamo. Amene anayambitsa sindikumudziwa. Patapita miyezi ingapo, kampani ya eni ndegeyo inatseka ntchito zake n'kuchotsa antchito onse, ndipo mudzi unati, mwaonatu, awachotsa chifukwa cha sipanala ija.

Dzina linakhazikika. Ana ankawakuwiza akamadutsa panjinga: "A Sipanala! A Sipanala!" Ine sindinkakuwa nawo. Ndinkangoima pambali, ndipo ndinkadziona ngati wabwino chifukwa cha zimenezo. Nthawi yosankha akulu a mpingo itafika, dzina lawo linatchulidwa, wina kumbuyo anatsokomola mwadala, tchalitchi chonse chinaseka, ndipo dzinalo linathera pomwepo. Pambuyo pake anasamukira kwawo kwa akazi awo ku Lirangwe. Dzinalo linakwera nawo minibasi yomweyo.

Chinthu chimodzi ndinkachiona osachimvetsa. Chaka chilichonse tikakolola nandolo, agogo ankadzaza lichero n'kukalisiya pakhomo pa a Makwinja, osalowa, osacheza. Agogo anga sanali munthu wopatsa. Ndinaona, ndipo monga mwa nthawi zonse sindinafunse.

Tsono mwezi watha, wailesi zitadzaza ndi nkhani za ndege zakunja zimene zagwa injini zitazima, zina zonyamula anthu, zina katundu, ine ndinakhala pansi n'kulemba ngati katswiri. Ndinadzudzula amakaniko aulesi. Ndinalemba bwino ndithu, ena mwa inu munanditumizira mauthenga oyamikira. Za mbalame sindinalembe liwu ngakhale limodzi. Munthu amene anaona ndi maso ake kabawi akuzimitsa injini, amene nthenga zake zinamugwera pamutu, analemba mndandanda wa zogwetsa ndege n'kuiwala mbalame.

Ndinaiwaladi? Inu mukuganiza bwanji?

Tili ndi khalidwe lina ife, ndipo ine ndine mphunzitsi wake wamkulu. Chinthu chikaonongeka timafuna munthu mmodzi wokhala ndi dzina ndi nkhope, makamaka amene anali pamwamba pathu pang'ono, wovala ovololo ya kampani, wolandira kumapeto kwa mwezi. Tikamupeza, mitima imakhala pansi. Tamverani m'minibasi ya ku Chileka tsiku limene kwamveka za ngozi ya ndege kwina kulikonse. Wina ati oyendetsa anali ataledzera. Wina ati azungu amatitayira ndege zotha ntchito. Wina ati munali munthu wokhwima amene anzake amamufuna. Aliyense ali ndi wolakwa wake, ndipo wolakwayo amakhala kutali ndi nyumba ya wolankhulayo.

Sindikunena kuti amakaniko salakwitsa. Amalakwitsa, ndipo ndege zina zagwadi chifukwa cha nati imene wina sanamange. Koma injini imazima pa zifukwa zambiri. Mafuta akalowa madzi, imazima. Mafuta akatha chifukwa wina anawerengera molakwika, imazima. Chitsulo cha mkati chimatopa, monga waya amene mukumupinda uku ndi uku, ndipo tsiku lina chimaduka osatsanzika. Ndege ya injini ziwiri anaipanga kuti ithe kuuluka ndi imodzi, n'chifukwa chake ija ya ku Chileka inabwerera. Koma muidzaze katundu kupyola muyeso wake, tsiku lotentha ngati la kwathu kuno, injini yotsalayo siingathe kuikweza. Katundu akapanda kumangidwa bwino, amatsetserekera kumbuyo ndege ikamakwera, mphuno n'kuloza kumwamba. Nthawi zina woyendetsa, mantha atamugwira, amazimitsa injini yabwino n'kusiya yowonongeka. Kawirikawiri sichikhala chinthu chimodzi. Zimakumana ziwiri kapena zitatu, mphindi imodzi.

Zonsezi zili m'manja mwa anthu a mayunifolomu, kuseri kwa mpanda. Ife tingathe kuzikamba mpaka minibasi ifike ku Blantyre, osataya kanthu.

Koma mbalame zili m'manja mwathu.

Pitani chilimwe chino mukaone utsi umene umafuka m'minda yozungulira bwalo la ndege. Akuyatsa ndani? Pitani kuseri kwa misika yathu mukaone kumene ogulitsa nyama amataya matumbo ndi zikopa, kumene timakhuthula zinyalala, muwerenge akhwangwala ndi akabawi amene amadya pamenepo. Mbalame imene ikudya matumbo a mbuzi kuseri kwa msika m'mawa ndi yomweyo imene ikuuluka kutsogolo kwa ndege masana. M'ndegemo muli mwana wa mnzanu amene akupita kusukulu kunja, muli mayi amene akupita kuchipatala, muli mankhwala amene mukawafune mawa. Ndipo pansi pake pali madenga athu omwe.

Akabwera a ku bwalo la ndege kudzatiuza, timaomba m'manja. Akachoka timati, asatiuze zochita m'minda yathu, kodi iwo amadya ndege? Ndikumvetsa. Inenso ndinkafuna ndiwo, osati kupha munthu. Njala ya mbewa ndi yoona. Koma machesi anga aja anatsala pang'ono kugwetsa chitsulo chodzaza mafuta pa sukulu ya mkaka, ndipo zikanatero bwenzi lero tikunenabe kuti anapha anawo ndi a Makwinja.

Ndi angati a Sipanala amene tili nawo m'midzi mwathu, akusenza dzina la mlandu wa wina, mwini mlandu ali pompo akuseka nawo?

Lachinayi ndinabwerera ku Lirangwe. Kwa mlamu sindinafike. Ndinasankha masana, nthawi imene akabaza amakhala atabalalika, chifukwa ngakhale popita kukaulula ndinkafunabe kuti anthu achepe.

A Makwinja ndinawapeza akumata chubu cha njinga yakapalasa. Tinapatsana moni. Anandilozera teyala lakutha kuti ndikhalepo.

"Bambo," ndinatero, "moto uja ndinayatsa ndine."

Anapitiriza kupala chubu ndi kachitsulo.

"Moto wa tsiku la ndege ija. Ndinkasaka mbewa. Akabawi anabwera chifukwa cha utsi wanga. Ndinaona ndege ikuwalowa. Phiko ndinalikwirira ndine."

"Ndikudziwa," anatero.

Anapaka guluu, anauzira, anayika chubu padzuwa. Kenaka anavula magalasi.

"Injini ija ndinaitsegula ndine, a Yotamu, pamaso pa akuluakulu ofufuza. Munali nthenga, magazi, ndi fungo ngati mwawaula nkhuku. Timasamba ta mkati tinapindika ngati masupuni. Analemba zoona, kuti ndi mbalame. Kuntchito palibe anandiloza chala. Mukuona chiguduli ichi? Kumeneko tinali ndi bolodi lotere. Chitsulo chilichonse chili ndi chithunzi chake. Chithunzi chimodzi chikakhala chopanda chitsulo, ndege siinyamuka, ngakhale mutakhala nduna mkatimo. Mufufuze mpaka chipezeke. Tsiku limenelo bolodi langa linali lokwana. Sipanala inabadwira kumudzi."

"Nanga bwanji simunawauze anthu?"

Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma.

"Agogo anu. M'mawa mwake anabwera kwathu. Mayi wamkulu kuposa ine, anagwada pafumbi pakhomo panga. Anati, 'Achimwene, mukangonena kuti ndi mbalame, anthu afunsa za moto. Akafunsa za moto, pali amayi awiri amene anamuona mwanayu. Munda atilanda. Ndimudyetsa chiyani?' Ine ndinati, mayi dzukani, sindinena. Nthawi imeneyo za sipanala zinali zisanayambe. Zitayamba ndinati, aa, zitha izi, masabata awiri anthu apeza nkhani ina." Anagwedeza mutu. "Masabata awiri."

Ndinakumbukira lichero la nandolo. Ndinayang'ana pansi.

"Akazi anga anandikalipira mpaka tsiku lomwalira," anapitiriza. "Ankati, mwagulitsa dzina lanu ndi nandolo. Ine ndinkati, dikirani, mwana uja akadzakula adzanena yekha. Munakula. Munapita kusukulu. Ndinamva kuti mukulemba m'nyuzi, ndinati eya, tsopano. Agogo anu anamwalira, munda munausiya kalekale, ndinati palibenso chomuopsa. Kenaka mwezi watha anyamata awa anabwera ndi foni."

Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

"Pepani, bambo," ndinatero. Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti ndinachita nawo manyazi.

"Pepani ndamumva. Koma ine sindimudya." Anatenga chubu chija n'kuchipsinja ndi chala. "Ndili ndi mdzukulu wamkazi ku sekondale. Amakhoza masamu kuposa anyamata onse. Akuti akufuna kudzakonza ndege ngati ine. Mukudziwa amamutcha ndani? Kasipanala. Tsiku lina anandifunsa, 'Agogo, munaiwaladi?' Ndinamuuza kuti ayi. Anandiyang'ana mmene mumamuyang'anira munthu wokalamba amene mukumumvera chisoni. Mawu anga okha sakwana, a Yotamu. Wakuba aliyense amati sindinabe."

Panadutsa lole ya simenti, tonse tinadikira kuti phokoso lithe.

"Ine ndatsala pang'ono," anatero. "Sindikufuna kuti pamaliro panga wolengeza akadzati tikuika a Makwinja, anthu azidzafunsana kuti ndani ameneyo, wina n'kunong'ona kuti a Sipanala, amayi n'kumabisa kuseka m'zitenje. Mwana uja adzakhala ali pomwepo."

Ndinawauza kuti ndilemba zonse sabata ino, dzina langa ndi lawo. Ndiye ndi izi ndalemba. A Makwinja sanaiwale sipanala m'ndege. Injini ija inazima chifukwa inameza akabawi, akabawiwo anaitanidwa ndi moto, ndipo motowo ndinayatsa ine Yotamu, mdzukulu wa a Nachisale, mwana wofatsa uja. Amene muli ku Chileka ndi ku Lirangwe, muwawerengere amene satha kuwerenga.

Tsiku lija ndinkaganiza kuti a Makwinja akondwa ndi lonjezolo. Anangokweza mapewa.

"Lembani. Kulemba n'kosavuta, mumakhala nokha m'chipinda. Koma anyamata awa amawerenga mizere iwiri yoyamba basi, ndipo mdzukulu wanga sanakuonenipo nkhope."

Anayamba kulongedza. Ankatola chitsulo chimodzichimodzi pachithunzi chake, kuchipukuta, kuchiika m'bokosi, milomo ikuwerenga chamumtima. Atafika pa sipanala ina yaing'ono, yakale, yosalala chifukwa chogwiridwa, anaima. Anapinda chiguduli, anamanga bokosi pakaliyala wa njinga yawo, sipanalayo idakali m'manja.

"Chiyambireni ntchito ndili mnyamata, sindinawerukepo bokosi lili losakwana," anatero. "Lero ndiweruka choncho. Loweruka m'mawa akabaza onse amakhala pano, ndipo mwana uja amabwera kudzandithandiza. Mudzaibweze pachithunzi chake iwo akuona, ndipo mudzawauze ndi pakamwa panu chifukwa chake ili ndi inu."

Anandigwira dzanja, analitambasula, anaikamo sipanalayo. Inali yofunda. Anakankha njinga yawo n'kuwoloka msewu, osacheuka.